Timizere Takuda pa Mpunga wa Achemwali

Ndinakalambira pa ntchito yotayipa. Zaka zanga zamphamvu zinathera pa ofesi ina ku Zomba ndikulemba makalata a anthu ena, ndipo tsiku limene anandiuza kuti ndikapume, chooneka ndi maso chimene ndinatuluka nacho chinali laputopu yakale imene ofesi inali itatopa nayo kale. M'kati mwake munali pulogalamu imodzi imene ndinkaikonda kuposa anthu ena amene ndinkagwira nawo ntchito. Inali yosindikizira makeyala. Unkangolemba mayina ndi makeyala kamodzi, n'kusankha kukula kwa masitika, yokha n'kuyala zonse papepala. Iwe kwako kunali kumatula ndi kumata pamaenvulopu. Amene sanalowetsepo envulopu imodziimodzi m'taipi yakale ija sangamvetse kuti munthu angakonde bwanji chinthu chotere. Pakona pa pulogalamuyo panali kabatani kopangira bakhodi, timizere takuda tija mumationa pabotolo la mafuta ophikira. Ku ofesi sindinakadineko n'kamodzi komwe, poti kalata sigulitsidwa m'sitolo.

Nditabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, laputopu inasowa ntchito. Kwathu envulopu imabwera ya kusukulu kapena ya kutchalitchi, zina zonse timangoimbirana foni. Inkangogona m'sutikesi, n'kumadzuka Lamlungu masana kuimba nyimbo za kwaya mpaka batire kutha.

Amene anaidzutsa ndi mavenda. Ine mavenda a mpunga sindiwakonda, ndipo sindibisa. Amafika mpunga ukangomwetedwa, atanyamula ndowa zawo zotupa mimba zimene anazimenya dala kuti muzilowa wambiri, mtengo n'kutchula okha ngati analima nawo. Ndinkaona amayi amene akhala m'matope kuyambira nthawi yowokera, mapazi ali ming'alu yokhayokha, akuthokoza munthu amene akuwabera dzuwa likuswa mtengo. Chaka china ndinalephera kupirira. Ndinakwera minibasi kupita ku Zomba kukaonana ndi abambo ena amene tinkapemphera mpingo umodzi ndili m'tauni, omwe anali manijala wa sitolo ina yaikulu ndithu. Anandimvetsera, n'kunena kuti kununkhira kwa mpunga wa ku Chilwa amakudziwa, ndipo autenga. Koma ukhale wopuntha, wosankha bwino, wa m'mapaketi a kilo imodzi, ndipo paketi iliyonse ikhale ndi bakhodi yoti kamakina ka pa thilu, polipirira paja, kaziwerenga. Nambala yopangira bakhodiyo anandipatsa okha, n'kundiuzanso kuchuluka kwa mpunga umene akufuna, kuti ukachepa ndisavutike n'kubwera nawo.

Ndinasonkhanitsa amayi a m'mudzi mwathu tinapanga kagulu, ndipo popeza ndine ndinali ndi laputopu, ulembi unagwera ine. Kuyambira pamenepo dzina langa linatha, aliyense ankangoti alembi.

Wovuta kumukopa anali mkulu wanga, achemwali anga a bere limodzi. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo munda wa mpunga wa kudambo ndiwo unali bambo wa pakhomo pawo. Sukulu anangoinunkhiza. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akakana chinthu amakana ngati chitsa.

"Iwe, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero ndikuwafotokozera za sitolo. "Wa pachala ngwa mphepo. Venda akuba, inde, koma akubera pakhomo pano, ine ndikuona."

Ndinawavutitsa. Ndinkapita m'mawa, ndinkapita madzulo, mpaka anavomera, mwina pofuna kuti ndingowaleka. Mavenda anabwera, anazungulira, anapita, matumba a achemwali ali chiimire m'nyumba. Koma tsiku lopita kuchigayo litafika, zinadziwika kuti amayi ena a m'gulu anali atagulitsako mobisa. Mpunga unaperewera pa umene a manijala ananena. Ine ndinayamba kukalipa monga mwa chizolowezi changa, ndipo ndili m'kati mokalipa achemwali anachoka osatsazika. Anabwera ndi njinga ya kabaza itanyamula matumba ena. Ndinasangalala, osafunsa kuti achokera kuti. Ndinadziwira kuchigayo, mpunga utatuluka kale woyera mbee, kuti anali matumba a mbewu yawo ya chaka chamawa.

"Achemwali, mwapunthitsa mbewu?"

"Nanga si iwe wati ukachepa satenga?"

"Mpunga wopuntha sumera, achemwali!"

"Ukundiuza ine zimenezo? Akatilipira ndikagula ina. Si mmene unanenera iwe?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinkadya bwino. Sitolo ikanakana mpungawo, achemwali akanatsala opanda chogulitsa kwa mavenda, poti nyengo yawo inali itapita, komanso opanda chofesa mvula ikagwa. Ndipo amene ndinawakankhira m'madzi akuya chonchi ndinali ine.

Mantha amenewo ndinawathira onse pa sitika. Ndinaikonza mosamala kuposa kalata iliyonse imene ndinatayipapo. Pamwamba dzina la gulu lathu, pansi pake chithunzi cha ngala ya mpunga, kenako kulemera kwa paketi. Ndiyeno ndinadina kabatani kaja kwa nthawi yoyamba, n'kulemba nambala ya a manijala, timizere n'kutulukira tokha pagalasi, tina tonenepa tina toonda. Ndinaseka ndekha m'nyumba. A manijala anali atandichenjeza kuti timizereto timafuna malo oyera mbali zonse ziwiri, apo ayi kamakina kamasokonezeka, choncho ndinasiya malo oyera otakasuka, opanda kadontho. Ndinakasindikizitsa ku Zomba pa kashopu kena ka mapepala, n'kudutsira kusitolo ndi sitika imodzi kukayesa. Mtsikana wa pa thilu anailozetsa kakuwala kofiira, kamakina n'kulira kuti tii. Ndinabwerera kumudzi ndikuyenda ngati mwini wake wa msewu.

Tinalongedzera m'kalasi ina ya tchalitchi. Mayi aliyense anayala mkeka wake, kupeta wake, kusankha timiyala wake, kuyeza ndi kumata mapaketi ake. Ndinawaonetsa pomata sitika. Ndinawauza kuti asainyowetse, asaikwinye, asaigwire ndi manja a mafuta. Zonse zimene zinandibwerera m'mutu ndinawauza. Ntchito itatsala pang'ono kutha ndinathamangira kudoko kukagwirizana ndi woyendetsa kagalimoto konyamula matemba kuti atitengeko m'mawa mwake. Pobwera ndinapeza mapaketi onse ali m'matumba, matumba atasokedwa kukamwa, amayi akusesa m'kalasi uku akuimba. Ndinawayamikira kuti ndi akhama.

M'mawa achemwali anatulukira atavala chitenje chawo cha ku Mvano.

"Mukupita kuti?"

"Komwe ukupita mpunga wanga."

Sindinatsutse. Laputopu ndinaiponya m'chikwama, osati mwanzeru ayi, koma kuti ndikaitchajeko ulere pa magetsi a m'tauni, poti sola yanga ndi ya nkhuli ya dzuwa koma yosagwira ntchito. Tinakhala pamwamba pa matumba, fungo la matemba likutilowa mpaka m'tsitsi, fumbi la msewu wa Kachulu likutipaka ngati tikupita kudambwe.

Kusitolo anatitsitsira kuseri. A manijala anatilonjera bwino, anatumbula thumba limodzi, n'kutenga paketi kupita nayo pa thilu, ife tikutsatira pambuyo. Mtsikana uja analozetsa kakuwala kofiira. Zii. Anaitembenuza paketi, anaiwongola ndi chala, analozetsanso. Zii. Anatenga sopo amene anali pafupi kuyesa ngati kamakina kafa, sopo n'kulira tii mwachipongwe. A manijala anatumiza munthu kukatenga paketi ina m'thumba lina. Imeneyonso ayi.

Ndinailanda paketiyo m'manja mwa mtsikanayo n'kuiyang'anitsa. Pamalo oyera paja, pamene ndinasiya mosamala, panali patajambulidwa mbedza ndi bolopeni, mchira wake utalowerera m'timizere. Ndinatenga inzake. Timadontho titatu ndi kamzere. Ina mtanda. Ina kanthu kokhala ngati phazi la nkhuku, kodinikizidwa mwamphamvu mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Ndinathamangira kuseri, kutumbula thumba ili, kutumbula ilo. Panalibe paketi ndi imodzi yomwe yopanda chojambula.

Wobadwira kwathu sangafunse kuti zimenezi n'chiyani. Kudoko la Kachulu katundu sayenda wopanda chizindikiro cha mwini wake. Matumba a ku chilumba cha Chisi amabwera m'boti limodzi ataunjikana, a matemba, a mpunga, a chinangwa, onse ofanana, ndipo pamtunda amawatsitsa anthu amene sakudziwa kuti ili n'la yani. Ndiye aliyense ali ndi kachizindikiro kake. Wina amamangirira kansanza ka chitenje, wina amajambula ndi makala kapena utoto. Ena analandira kwa amayi awo. Munthu wa kwathu kutumiza katundu wosalemba chizindikiro kuli ngati kumutaya, ndipo ukadzadandaula kuti wasowa, anthu amakuseka iweyo osati wakubayo. Bolopeni salemba papulasitiki. Malo okha olembeka pa paketi yonse anali aja ndinasiya oyera.

"Achemwali," ndinatero, "mbedza iyi n'nja yani?"

"Yanga. Waiwala mbedza ya amayi?"

"Ndani anakuuzani kuti mulembepo?"

"Nanga si malo osayinapo amenewa? Tonse tinati alembi aganiza bwino, atisiyira posayina."

A manijala sanakalipe, ndipo kusakalipa kwawoko n'kumene kunandiopsa. Anati pepani amayi, katundu wosawerengeka pa thilu sangalowe m'sitolo. Atsikana sangamatayipe nambala pamanja anthu ali pamzere. Anati malo amene anatisungira pashelefu akuwafunanso munthu wina wa mpunga wa kumpoto, ndipo sangawasiye opanda kanthu kudikira ife. Tikakonza lero lomwelo asanatseke, chabwino. Tikalephera, tinyamule.

Kunja kwa sitolo ndinaphulika. Ndinawauza achemwali mawu ambiri, ena oti sindingawalembe pano. Ndinati anthu a kwathu mungawachotse kudoko koma doko simungalichotse m'mitu mwawo. Ndinati kagalimoto kapita, tibwerera nawo pamutu mpunga umenewu? Ndinati anankafumbwe akaudya m'mapaketi momwemo, ndiye mudzafese mbedza zanuzo tione ngati zimera. Anthu odutsa ankacheuka. Achemwali anangokhala pa thumba, manja pamiyendo, akuyang'ana pansi. Sanandikumbutse kuti ndine ndinawaletsa kugulitsa kwa mavenda, ngakhale akanatha kutero. Nditaona milomo yawo itauma gwa, mkwiyo unandithera, n'kutsala mantha okhaokha.

Ndi pamene ndinamva kulemera kwa chikwama paphewa. Laputopu.

Tinapempha alonda a pasitolo kuti atiyang'anire matumba, ife n'kuthamangira kukashopu ka mapepala kaja. Ndinati achemwali atsale, anakana. Mayi wa pashopupo anati mapepala a masitika alipo, magetsi aliponso koma ndisachedwe poti sapanganika. Ndinalumikiza laputopu kukhoma, n'kutsegula pulogalamu yanga. Maganizo anga anali achidule: kusindikiza masitika omwe aja, kumata pamwamba pa akalewo, basi.

"Ndiye mbedza yanga ikwiririka?" anafunsa achemwali ali chiimire kumbuyo kwanga.

"Ikwiririke kumene! Si imene yatipalamulira?"

"Iyayi. Ine toto."

"Achemwali, mukufuna mbewu kapena mukufuna mbedza?"

"Tamvera iwe. Mpunga uwu sitinasankhe mofanana. Alipo ena m'gulu muja amasankha maso ali kumseu. Munthu akakaluma mwala, a manijala ako akafunsa kuti wa yani, udzati chani? Tidzafere limodzi tonse? Ndipo amayi aja anandituma ine kuti ndiperekeze katundu wawo. Ndikawauze kuti zizindikiro zawo tafafaniza, katundu wangolowa m'sitolo ngati wotola?"

Za timiyalazo zinali zoona ndipo ndinkawadziwa ndi mayina omwe amayi osankha mothamangawo. Komanso ndinadziwa kuti ngakhale nditawagonjetsa lero, ulendo wotsatira amayi aja adzalembanso, mwina pakati penipeni pa timizere.

Ndinatembenukira kugalasi. Ngala ya mpunga ija, imene ndinainyadira kwambiri, ndinaichepetsa mpaka inangotsala kangala. Timizere ndinatitsitsira pansi penipeni, malo ake oyera n'kuwachepetsa kufika pamene pulogalamu inalolera, kuti asamakope munthu wa bolopeni. Pamwamba, kutali ndi timizere, ndinajambula kabokosi, n'kulembapo kuti Mlimi. Achemwali anawerama kuyang'ana.

"Kakulitse pang'ono. Phazi la nkhuku la amayi a kuseri kwa tchalitchi silingakwanemo."

Ndinakakulitsa, ndikudziluma lilime.

Tinasindikiza pepala limodzi kaye. Achemwali anabwereka bolopeni, n'kujambula mbedza yawo m'kabokosi pang'onopang'ono, lilime lili kunja ngati mwana wa sitandade wani. Ndinamata sitikayo pamwamba pa yakale, ndikupemphera kuti inki ya pansi isaonekere, n'kuyenda mothamanga kubwerera kusitolo. Pa thilu panali mzere. Ndinaima pambuyo pa bambo wina wogula zinthu zodzaza dengu, paketi yanga imodzi ili m'manja, thukuta likutsika kumsana. Nthawi yanga itafika mtsikana uja anandizindikira, anandimvera chisoni ndi maso, n'kulozetsa kakuwala kake.

Tii.

Ndamvapo makwaya ambiri pa moyo wanga, ena oimba bwino zedi. Palibe imene inandifika pamtima ngati kaphokoso kameneko.

Masana onse tinathera kuseri kwa sitolo, titakhala pa makatoni. Achemwali ankatenga paketi, kuyang'ana chizindikiro chakale, kuchikopera m'kabokosi ka sitika yatsopano, n'kundipatsa ine kuti ndimate. Ankatchula mwini wake wa chilichonse ngati akuitana anthu pamaliro: awa ndi a kwa amalume, awa ndi apongozi a uje, awa ndi aja a mwendo wovuta. Pena ankaima kudandaula kuti mwini wakeyo akadzaona adzati mtanda wake wapendama. Ine ndinkangoti fulumirani, dzuwa likupita. Sitinadye kanthu. Amayi ena ogulitsa nthochi pafupi anatimvera chisoni n'kubwera kudzatithandiza kubwezera mapaketi m'matumba, uku akutiseka kuti anthu a kunyanja mpaka kusayina pa mpunga. Ndinaseka nawo, poti tsopano kuseka kunali kutabwerera.

Dzuwa litapendekera ku phiri a manijala anatuluka. Sanatenge paketi imene ndinawapatsa ine. Anapisa okha dzanja pansi pa thumba ili, pakati pa ilo, n'kudzaza dengu. Tinawatsatira pa thilu. Mtsikana anayamba kudutsitsa imodziimodzi, ndipo iliyonse inkalira. Ine ndinkapuma paketi ikalira, n'kugwiranso mpweya podikira inzake. Dengu litatha a manijala anatenga paketi imodzi n'kuyang'ana kabokosi kaja.

"Izi ndiye chiyani?"

"Mwini wake wa mpungawo, bambo," anayankha achemwali ine ndisanatsegule pakamwa. "Mukapeza mwala, mutiuze chojambulacho. Tikamuuza ife."

A manijala anaseka, n'kuuza anyamata awo kuti alowetse matumba onse m'kati. Anati tipite ku ofesi akatikonzere malipiro.

Ndinatembenuka kuti ndiwakoke achemwali tizipita, koma sanali pambali panga. Anali atakhala pansi, pasimenti pa sitolo ya eni ake, miyendo atatambasula, anthu ogula akuwazungulira ndi madengu awo. Ndinagwada pafupi, ndikuganiza kuti ndi njala yawagwetsa.

"Achemwali, mwatani?"

"Palibe. Ndingopumako."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anandiyang'ana, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Tikafika undikumbutse ndikadutse kwa amayi aja a munda waukulu wa kumtsinje. Ndinakawapempha sabata yatha kuti mvula ikagwa andisungire malo pa ganyu yowokera, poti ndimati mwina chaka chino munda wanga ugona. Ndikawauze asandidikire. Ndiwokera mwanga."